ECG ya munthu wa matenda a mapapo okhalitsa: kapepala kaja kamanena chani za masiku ake?

Munthu akangogwira kapepala ka ECG, koonetsa magetsi a mtima, m'manja funso limakhala limodzi basi olo alizungulize bwanji: nde kuti m'bale wathuyu watsala ndi nthawi yaitali bwanji? Ena amafunsa mosabisa, ena amangokuyang'ana kudikira kuti nkhope yako iwauze. Ndati ndilongosole nkhaniyi bwinobwino, makamaka kwa inu amene mukudwazika munthu wa matenda a mapapo okhalitsa, chifukwa kapepalaka kamaopseza anthu pomwe palibe choopsa, ndipo pena kamawagoneka tulo pomwe zinthu zavuta kale.

Tsiku lina ndinkayeza bambo ena achikulire, fodya anayamba ali mnyamata, chifuwa chotukuka ngati mgolo koma mikono yoonda. Kugona chagada samatha, befu, nde tinachita kuwatsamiritsa pa mapilo atatu. Manja akunjenjemera chifukwa anali atangokoka salbutamol, mankhwala otsegula chifuwa, thukuta likumatula timapepala tomata tija, kumata apa uku kwamatuka, mpaka ndinapempha mwana wawo wamkazi andigwirire waya umodzi. Pepala litatuluka, makina anali atalemba okha pamwamba m'Chingerezi kuti ECG siili bwino, mwina munthuyu anadwalapo mtima m'mbuyomu. Mwana uja anajambula pa foni, mphindi zisanu zisanathe anali atafunsa kale Google, nkhope yagwa. "Adokotala, nde kuti adadi anachitapo heart attack ife osadziwa?" Ndinati mayi, khalani pansi kaye, zimene makina alembazo tiziwerenga pamapeto.

Ndikamati matenda a mapapo okhalitsa kwenikweni ndikunena COPD, ngakhale zambiri zomwe ndinene zimachitikanso kwa munthu yemwe mapapo anaonongeka ndi TB kapena anauma nkukhala zipsera. Pa COPD timapaipi ta mpweya timatupa nkuchepa, makhololo osatha, ndipo timatumba ta mpweya tija timang'ambika nkukhala matumba akuluakulu osagwira ntchito. Mpweya umalowa koma kutuluka nde nkhondo. Bungwe la WHO limati mu 2021 matendawa anapha anthu pafupifupi 3.5 miliyoni padziko lonse, ndipo chaka chimenecho anali pa nambala 4 pa matenda opha anthu ambiri. Fodya ndi amene amatsogolera, koma utsi wa nkhuni ndi makala m'nyumba, fumbi la ku ntchito ndi mpweya woipa nazo zili momo. Ndipo tinene apa pompano kuti ECG siimapeza COPD ayi. Chomwe chimapeza ndi spirometry, kuuzira mwamphamvu m'kachubu, ndipo ngati mpweya womwe watuluka mu sekondi yoyamba uli wosakwana 70 pa 100 ya mpweya wonse womwe munthu watulutsa, atakoka kale mankhwala otsegula chifuwa, ndi pomwe amati njira zatsekeka.

Nanga bwanji munthu wabwera ndi chifuwa mukumuyeza mtima? Chifukwa awiriwa amakhala nyumba imodzi ndipo amadyera mbale imodzi. Mtima ndi mapampu awiri omatana. Wakumanzere ndi chimphona, umakankha magazi thupi lonse, khoma lake ndi lochindikala pafupifupi sentimita imodzi. Wakumanja ntchito yake ndi imodzi yokha, kukankhira magazi m'mapapo, ndipo poti m'mapapo abwino magazi amangoyenda mosavuta, khoma lake ndi lopyapyala, mamilimita 3 mpaka 5 basi. Sunapangidwe kuti uzinyamula katundu wolemera. Mapapo akaonongeka, woyamba kumva kuwawa ndi iwowo.

ECG yokhayo ndi chinthu chakale, Willem Einthoven wa ku Leiden ku Netherlands ndi amene anaikonza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 nkulandira mphoto ya Nobel mu 1924, ndipo zilembo P, Q, R, S, T zomwe tikugwiritsa ntchito mpaka lero anazitchula ndi iyeyo. Makinawa salowetsa magetsi m'thupi, agogo ambiri amaopa zimenezo akaona mawaya, amangomvetsera magetsi omwe mtima umapanga wokha. Timamata mawaya 10, anayi m'manja ndi m'miyendo, 6 pachifuwa, ndipo amatipatsa mizere 12, ya m'manja ndi m'miyendo (I, II, III, aVR, aVL, aVF) ndi ya pachifuwa (V1 mpaka V6), ngati anthu 12 ataima malo osiyanasiyana akuonera chinthu chimodzi. Kaphiri kakang'ono koyamba ndi P, zipinda zam'mwamba zikufinya. Kenako chosongoka chachitali chija, QRS, zipinda zam'munsi zikuponya magazi (R ndi nsonga yokwera, Q ndi kadzenje ka R asanakwere, S ndi kadzenje ka R atatsika). Kenako T, mtima ukudzitchaja kukonzekera kugunda kwina. Pepala limayenda mamilimita 25 pa sekondi, nde kabokosi kakang'ono kalikonse ndi masekondi 0.04.

Tsopano apa ndi pomwe pagona nkhani. Zomwe zimasintha pa ECG ya munthu wa COPD zili mitundu iwiri, ndipo anthu amazisakaniza, olo ena a ife ogwira ntchito m'chipatala. Mtundu woyamba mtima ulibe vuto kwenikweni, angousuntha malo. Mpweya wotsakamira uja umafufumitsa mapapo, mapapo amakankhira pansi mnofu womwe umalekanitsa chifuwa ndi mimba, ndipo mtima womwe umayenera kugona chopendekera kumanzere umaima chilili, kutalika, kulendewera pakati ngati dontho, nkupotokanso pang'ono. Chinanso mpweya sudutsitsa bwino magetsi, nde pakati pa mtima ndi mawaya athu pali ngati pilo wa mpweya. Zotsatira zake mizere imatuluka ing'onoing'ono, QRS osakwana mamilimita 5 pa mizere ya m'manja ndi m'miyendo, mzere woyamba uja wa I pena umangooneka ngati wafufutidwa, ndipo pachifuwa R yemwe amayenera kumakula ukamachoka pa V1 kupita ku V6 amangokhala wamfupi, chifukwa mtima watsika kusiya mawaya m'mwamba. Makina akaona R wosakula amathamangira kulemba kuti mtima unafapo mbali yakutsogolo. Ndi zimene zinachitika ndi bambo aja. Nditatsitsa mawaya a pachifuwa mpata wa nthiti imodzi nkujambulanso, R anabwera. Sikuti ndikunena kuti zolemba za makina muzizitaya ayi, pena amalondola, koma makina sanamuone wodwalayo, sakudziwa kuti chifuwa chake ndi mgolo.

Zizindikiro zimenezi zimatiuza kuti mapapo afufuma kwambiri, zomwe nazo si nkhani yabwino, koma si zomwe zimandidetsa nkhawa kwambiri. Zondidetsa nkhawa ndi za mtundu wachiwiri, pomwe mtima weniweniwo wayamba kulema.

Zimayamba chonchi. Mitsempha ya magazi ya m'mapapo ili ndi khalidwe lake lachilendo: ikamva kuti mbali ina okosijeni wachepa imafinyika kuti magazi apite komwe kuli mpweya wabwino. Ulf von Euler ndi Göran Liljestrand aku Sweden anazilongosola mu 1946. Nzeru yabwino tu ngati kagawo kamodzi kokha ndi komwe kadwala, mwachitsanzo pa chibayo. Koma pa COPD yokula okosijeni wachepa paliponse, nde mitsempha yonse imafinyika nthawi imodzi, zaka zikamapita makoma ake amachindikala osabwereranso, kuonjezera apo timitsempha tambiri tinapita limodzi ndi timatumba tomwe tinang'ambika tija, ndipo thupi pofuna kudzithandiza limachulukitsa maselo ofiira mpaka magazi kulemera. Pampu yakumanja yopyapyala ija tsopano ikukankha magazi olemera m'mapaipi ochepa komanso opanikizika. Presha ya m'mitsempha ya m'mapapo ikapitirira 20 mmHg pa avereji ndi yomwe amati pulmonary hypertension, ndipo BP ya pamkono ija ikhoza kukhala bwinobwino, siimaonetsa zimenezi. Mtima wakumanja umayamba wakula minofu, kenako umatanuka, kenako umatopa. Miyendo kutupa, mitsempha ya m'khosi kutukuka, chiwindi kukula, mimba kudzadza madzi. Dzina lake ndi cor pulmonale, kutanthauza mtima womwe wadwala chifukwa cha mapapo.

Pa pepala zimaoneka bwanji? Kaphiri ka P kaja kamatalika nkusongoka, kupitirira mamilimita 2.5 pa mizere ya II, III ndi aVF, ndiye P pulmonale ameneyo, chipinda cham'mwamba chakumanja chikuvutika. Mbali yomwe magetsi a mtima amalowera imakhotera kumanja kupitirira madigiri 90. Pa V1, pomwe R amayenera kukhala wamfupi, amatalika kuposa S. Pena waya wamkati wotengera magetsi kumanja umachedwa, QRS nkutambasuka kufika masekondi 0.12, ndi ija amati right bundle branch block. Palinso kena amakatcha S1S2S3, pomwe mizere itatu yoyamba, I, II ndi III, yonse ili ndi S wotsika mozama.

Za masiku a munthu, kafukufuku yemwe amatchulidwa kwambiri ndi wa Raffaele Antonelli Incalzi ndi anzake ku Italy, anatuluka mu magazini ya Circulation mu 1999. Anatenga odwala COPD 263 omwe anagonekedwa matenda atawabuka, nkuwatsatira mpaka zaka 13. Omwe ECG yawo inali ndi zizindikiro za cor pulmonale anamwalira msanga kuposa omwe analibe, ndipo ziwiri zomwe zinaima pazokha, atachotsera zinthu zina, zinali S1S2S3 ija ndi P wokhotera madigiri 90 kapena kuposa. Omwe anali nazo zonse ziwiri ndi amene zinawathera msanga kwambiri. Nde inde, sindingakunamizeni, kapepalaka kamanena kanthu.

Koma taonani anthu ake: odwala kale kwambiri, ogonekedwa m'chipatala, a zaka za m'ma 1980 ndi 1990, mankhwala ake osiyana ndi a lero. Ndipo kafukufuku amakamba za gulu. Akati theka la anthu linamwalira pofika chaka chakuti, ndiye kuti theka linalo linadutsa, ena kutali ndithu, ndipo pepala silingakuuzeni kuti bambo anu ali theka liti. P pulmonale yemweyo amatha kuoneka munthu ali pa befu lalikulu nkuzimiririka pakatha sabata ziwiri okosijeni atakwera, nde ECG ya tsiku logonekedwa si yoweruzira. Mbali inayo ndi yomwe anthu saiganizira: ECG imaphonya kwambiri. Anthu ambiri omwe mtima wakumanja wakula kale ECG yawo siionetsa kalikonse, chifukwa pampu yakumanzere ndi yaikulu, magetsi ake amaphimba a inzake, kuphatikizapo pilo wa mpweya uja. Zizindikiro zikaoneka nthawi zambiri zimakhala zoona, koma zikapanda kuoneka sizitanthauza kuti kuli bwino. Munthu miyendo yatupa, ECG ili bwinobwino, ameneyo akufunika echo, sikani ya mtima ija, osati kumuuza kuti pitani mtima wanu ulibe vuto.

Chinthu chomwe ine ndimayamba kuyang'ana, chosavuta kuposa zonsezi, ndi liwiro. Mtima ukugunda kangati pa mphindi munthu atangokhala phee? Pa pepala timawerenga mabokosi akuluakulu pakati pa ma R awiri nkugawa 300 ndi nambala imeneyo, atatu ndi 100, anayi ndi 75. Ku Denmark, mu kafukufuku wa Copenhagen City Heart Study yemwe anatsatira anthu oposa 16,000 kwa zaka zambiri, zomwe zinatuluka mu 2013 zinaonetsa kuti COPD ikamakula liwiro la mtima nalo limakwera, ndipo pakati pa anthu omwe mapapo awo aonongeka mofanana, amene mtima umathamanga amamwalira msanga kuposa amene umagunda modekha. Zifukwa zake nzambiri, okosijeni wochepa, thupi lomwe lili tcheru usana ndi usiku, kusayenda, mankhwala okoka. Musayeze munthu atangochoka kubafa kapena atangokoka inhela nkuyamba kulira, mudikire apume kaye. Koma ngati tsiku ndi tsiku ali chikhalire ukupitirira 100, akaonedwe.

Kenako kagundidwe. Atrial fibrillation ndi yofala kwa anthu a COPD kuposa anzawo a msinkhu womwewo. Zipinda zam'mwamba zimasiya kufinya, zimangonjenjemera, P amasowa pa pepala, ndipo kugunda kumakhala kopanda dongosolo, ukagwira pamkono umamva du, dudu, kenako zii, kenako dududu. Vuto lake si befu lokha. Magazi amadikha m'chipinda chosafinyacho, amaundana, kachibuluma nkuthawira ku ubongo, sitiroko. Chiopsezo cha sitiroko chimakwera pafupifupi kasanu, nchifukwa chake ambiri amapatsidwa mankhwala oletsa magazi kuundana monga warfarin kapena apixaban. Apa nde ECG yagwira ntchito yake yeniyeni, yapeza chinthu chomwe chikanapha kapena kupuwalitsa munthu koma chili ndi mankhwala.

Pali ina yofanana nayo yomwe imapusitsa makina ndi anthu omwe, multifocal atrial tachycardia, mwachidule MAT. Anailongosola ndi Shine, Kastor ndi Yurchak mu 1968, ndipo malo ake enieni ndi m'wodi ya odwala mapapo. Mtima ukuthamanga kupitirira 100, mopanda dongosolo, koma ukayang'anitsitsa ma P alipo, kungoti ndi a maonekedwe atatu kapena kuposa, ngati m'nyumba momwe aliyense akulamula. Odwala omwe ali ndi MAT ambiri zimawavuta m'chipatala, koma chowapha si MAT yo ayi, iyo ikungokuwa kuti thupi lapanikizika: okosijeni watsika, mpweya woipa womwe timatulutsa popuma wachuluka, potaziyamu kapena maginiziyamu wachepa, kapena mankhwala a theophylline achuluka m'magazi. Kuiomba ndi shoko ya magetsi sikuthandiza, ndipo payokha siifuna mankhwala oletsa magazi kuundana. Konzani mapapo ndi michere ya m'magazi, nthawi zambiri imadzikhalira pansi yokha. Nchifukwa chake kusiyanitsa ziwirizi kumafuna maso a munthu.

Tsopano nkhani yomwe ndimaiona kuti imanyalanyazidwa kuposa zonse. Timangoganiza kuti wodwala mapapo adzafa ndi mapapo. Mu kafukufuku wamkulu wa TORCH, wa 2007, wa odwala COPD pafupifupi 6,000, atafufuza imfa iliyonse anapeza kuti 35 pa 100 zinali za mapapo, 27 pa 100 za mtima ndi mitsempha, 21 pa 100 za khansa. Ndipo kwa omwe COPD yawo idakali yochepa, mtima ndi khansa ndi zomwe zimatsogola, mapapo amabwera pambuyo. Nzosadabwitsa eti, fodya yemwe anawotcha mapapo ndi yemweyo anatseka mitsempha yodyetsa mtima. Choipa nchakuti munthu wa COPD akamva kuthina pachifuwa kapena befu lawonjezeka, iye, abale, ngakhale achipatala amangoti ndi chifuwa chake chija, kumuonjezera inhela basi. Nde pali anthu ambiri omwe heart attack inawadutsa osadziwika, chipsera chake nkudzaoneka pa ECG patapita zaka, Q wozama, T wozondoka, ST (kamzere ka pakati pa S ndi T) wotsika, kapena left bundle branch block, kuchedwa kwa waya wakumanzere. Funso la mayi uja silinali lopusa ayi. Zizindikiro zimenezi zikakhala zenizeni zimafupikitsa masiku, ndipo masiku oyambirira matenda atabuka ndi oopsa, kafukufuku wa ku UK wa 2010 anapeza kuti m'masiku asanu oyamba chiopsezo cha heart attack chimakwera kuposa kawiri. Wodwala COPD aliyense yemwe wabwera ndi befu ladzidzidzi ine ndimati ajambulidwe ECG, olo chifuwa chikulira mluzu momveka. Pena si mapapo, pena si mtima, ndi chibuluma cha magazi chomwe chatseka mtsempha wa m'mapapo.

Kachidutswa kena koyenera kukadziwa ndi QT, kuchoka pomwe QRS yayambira kufika pomwe T wathera, nthawi yomwe mtima umatenga kuponya ndi kudzitchajanso. Akaiwerengera molingana ndi liwiro amaitcha QTc. Ikapitirira mamilisekondi 450 kwa abambo kapena 460 kwa amayi ndi yaitali, ikafika 500 nde poopsa, mtima ukhoza kulowa m'kagundidwe kotchedwa torsades de pointes, munthu kungogwa. Chomwe chimandipweteka apa nchakuti nthawi zambiri oitalikitsa ndi mankhwala athu omwe. Azithromycin, clarithromycin, levofloxacin, moxifloxacin, onsewa amaperekedwa pa chifuwa ndipo onse amakoka QT. Onjezani salbutamol wambiri yemwe amatsitsa potaziyamu, onjezani furosemide wa miyendo yotupa uja yemwe amatayitsa potaziyamu ndi maginiziyamu mu mkodzo, mwaona pomwe tikupita. Mu 2011 kafukufuku wa ku America wa odwala 1,142 anaonetsa kuti azithromycin wa 250 mg tsiku lililonse kwa chaka amachepetsa kubuka kwa COPD, koma omwe QTc yawo inali yoposa 450 kapena mtima wothamanga sanawalowetsemo nkomwe, ndipo mu 2013 bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ku America, linachenjeza za mankhwalawa pa nkhani yomweyi. Nde munthu asanayambe kumwa kwa nthawi yaitali, ECG kaye. Ndipo chonde osasiya mankhwala panokha chifukwa mwawerenga izi, funsani amene anakulemberani.

Mukafuna kudziwa komwe matenda akulowera, pali zinthu zomwe zimanena zambiri kuposa ECG ndipo zina mukhoza kuziona nokha kunyumba. Mu 2004 Bartolome Celli ndi anzake anatulutsa muyeso wotchedwa BODE, umaphatikiza zinayi: kulemera kwa thupi poyerekeza ndi kutalika, kutsekeka kwa njira za mpweya pa spirometry, kukula kwa befu, ndi mtunda womwe munthu angayende pa mphindi 6. Mapointi amachoka pa 0 kufika 10, akachuluka chiopsezo chimakula, ndipo muyesowu unalosera bwino kuposa spirometry yokha. Onjezanipo kuti wagonekedwa kangati chaka chathachi. Munthu yemwe ECG yake ili ndi P wosongoka koma akudya, thupi silikutsika, akuyenda yekha ndipo chaka chonse sanagonekedwe, ine ndimamuwerengera bwino kuposa wa ECG yokongola yemwe akuonda, akubanika pongovala malaya ndipo wagonekedwa katatu.

Chabwino, nanga zizindikiro za mtima wakumanja zikapezeka, pali chochita? Chilipo, ndipo umboni wake ndi wakale. Mu 1980 ku America ndi Canada kunatuluka kafukufuku wa NOTT, odwala 203 omwe okosijeni wawo anali wotsika kwambiri, ena kupatsidwa okosijeni usiku wokha ena pafupifupi tsiku lonse, ndipo imfa kwa a usiku wokha zinali pafupifupi kawiri. Mu 1981 a MRC, bungwe la kafukufuku wa zachipatala ku UK, anayesa odwala 87, ena okosijeni maola 15 pa tsiku ena osapatsidwa: pa zaka zisanu anamwalira 19 mwa 42 opatsidwa, ndi 30 mwa 45 osapatsidwa. Kuchokera pamenepo lamulo ndi lakuti okosijeni wa m'magazi akakhala 55 mmHg kapena kutsika, kapena kamakina ka pachala kakamawerenga 88 kutsika munthu ali bwinobwino osati matenda atabuka, apatsidwe okosijeni wa kunyumba maola osachepera 15. Ndipo apa ECG imalowanso: mu NOTT muja munthu yemwe anali pakati, 56 mpaka 59, amalowa ngati ali ndi miyendo yotupa, magazi olemera kapena P pulmonale. Kaphiri komwe kamaopseza kaja ndi komwe kamamutsegulira chitseko cha thandizo. Koma okosijeni si wa aliyense wa befu. Kafukufuku wa LOTT wa 2016, odwala 738 omwe okosijeni anangotsika pang'ono, sanapeze phindu pa kutalika kwa moyo. Ndipo matenda akabuka kutsegula okosijeni mpaka kumapeto nkoopsa, mpweya woipa umaunjikana munthu nkuyamba kusinza osadzuka, nchifukwa chake manesi amasunga nambala pakati pa 88 ndi 92, si nkhanza, musamapotokole nokha kotsegulira okosijeni kaja akachoka.

Fodya nde sindichita kutalikitsa. Lung Health Study inatenga osuta 5,887 omwe mapapo anali atangoyamba kuonongeka, ndipo patatha zaka 14 ndi theka gulu lomwe linathandizidwa kusiya linali ndi imfa zochepa, phindu lalikulu likuoneka pa matenda a mtima. Masewera olimbitsa thupi oyang'aniridwa ndi achipatala, katemera wa chimfine ndi chibayo, inhela yokokedwa molondola, zonsezi zimachepetsa kugonekedwa. Kwa omwe ECG yaonetsa mtima wakumanzere, pali mankhwala a gulu la beta blocker omwe kwa zaka zambiri odwala COPD amamanidwa poopa kuti atseka chifuwa. Pano tikudziwa kuti osankha mtima okha monga bisoprolol ndi metoprolol ambiri amawalandira bwino, nde yemwe anachitapo heart attack kapena mtima wake ndi wofooka asamanidwe. Koma si oti aliyense wa COPD azimwa, mu 2019 kafukufuku wa BLOCK COPD anapereka metoprolol kwa omwe analibe chifukwa cha mtima, sanathandize, ndipo ogonekedwa anachuluka.

Bambo aja ECG yachiwiri inachotsa nkhani ya heart attack, koma P anali wosongoka ndithu pa II, mtima uli pa 112, akakolo otupa moti ukadina chala kadzenje kamatsala. Ndinawauza onse awiri momwe zilili, kuti mtima wakumanja wayamba kulemedwa, tifunika echo, tiyeze potaziyamu, ndipo okosijeni tidzamuyezenso akachira tione ngati akufunika wa kunyumba. Bambowo anafunsa funso lija mwa njira yawo, "nde mwana wanga, ndikonzeke?" Ndinati bambo, konzekani kusiya fodya, zinazo tikambirana mukabwera ndi pepala lachitatu. Anaseka mpaka kutsokomola.

Pepala lachitatulo ndi lofunika chifukwa ECG imodzi payokha imanena zochepa, ziwiri zoyerekeza zimanena zambiri. Right bundle branch block yemwe wakhalapo zaka 10 ndi nkhani ina, yemwe kunalibe mwezi watha ndipo lero munthu akubanika ndi nkhani inanso, yothamangira. Nde sungani ma ECG onse, lembani deti kumbuyo, lembaninso ngati tsikulo munthu anali bwino kapena matenda anali atabuka komanso mankhwala omwe amamwa. Mapepala ambiri a ECG ndi a mtundu uja wosindikizidwa ndi kutentha, amafufutika akakhalitsa makamaka pa dzuwa kapena mukawamata mu pulasitiki, nde ajambuleni pa foni tsiku lomwelo, pepala lonse lioneke, mizere 12 yonse ndi timanambala ta m'mphepete tija, osati mawu a pamwamba okha.